Mapulogalamu Nawonso Ali ndi Chaka Chake

Ife ofufuza za mbewu sitilandira thumba la chimanga lopanda dzina la mtundu wake ndi chaka chimene chinakololedwa. Ku Chitedze ndi ku Lusaka kuli nkhokwe zosungira mitundu ya mbewu mosamala chotero. Koma tikafika pa mapulogalamu a kompyuta owerengera zotsatira za mayeso athu, ambirife timangotola amene apezeka tsikulo.

Pulogalamu ya R imadalira mapulogalamu ena ang'onoang'ono, monga agricolae ndi lme4, amene timakatenga ku nkhokwe ya CRAN pa intaneti. Eni ake amawakonzanso kawirikawiri, ena amachotsedwamo, ndipo R yeniyeniyo imasintha. M'chaka cha 2019, R 3.6.0 inasintha kachitidwe kake ka maere. Wofufuza amene anagawa mapuloti mwa maere mu 2018, akabwereza lero malamulo omwewo ndi nambala yoyambira yomweyo, angathe kupeza mapu ena a munda. Akawakhulupirira, zokolola za mtundu wina adzazilemba pa dzina la unzake, ndipo mlimi adzalangizidwa mbewu yolakwika. Kompyuta siidzadandaula konse.

Anzathu ena amati kukakamira pulogalamu yakale n'kukana chitukuko. Ine ndikuti tisinthe ndithu, koma titakolola, gulu lonse litagwirizana, osati mayeso akali m'munda. Gulu lililonse lilembe nambala ya pulogalamu iliyonse imene likugwiritsa ntchito. Renv imachita zimenezi mu fayilo imodzi, imene iyenera kusungidwa pamodzi ndi buku la m'munda. Pasiteshoni iliyonse pakhalenso munthu mmodzi wosunga makope a mapulogalamuwo, pakuti kumasiteshoni akutali intaneti njosadalirika.