Kuphunzira Chitekete kapena kupeka yakeyake?

Pali mkangano wina umene sukutha pakati pa anyamata oimba magitala ndi mabanjo m'boma lino la Maravia. Umamveka pa msika wa Fingoè, umamveka ku Malowera kufupi ndi malire a Zambia, ndipo ngakhale kwa asodzi a m'mbali mwa nyanja ya Cahora Bassa nkhani yake ndi yomweyo. Mnyamata wagula gitala atagulitsa fodya, kapena wakhoma yekha banjo ya chigubu cha mafuta ndi waya wa mabuleki a njinga. Tsono watha miyezi itatu, madzulo ali onse, akulimbana ndi nyimbo imodzi yokha ya eni ake, zala zili matuza okhaokha. Anzake ena akumuuza kuti alimbike, tsiku lina adzaitha. Ena akumuseka kuti akutaya nthawi, pofika lero bwenzi atapeka nyimbo zake zisanu.

Imodzi mwa nyimbo zimene zatupitsa anyamata zala ndi Chitekete, ya malemu Leonard Dembo wa ku Zimbabwe, imene idatuluka m'chaka cha 1991. Idafala pa makaseti m'zaka zomwe anthu ankabwerera kumudzi kuchokera ku Ukwimi ndi malo ena othawirako nkhondo, mtendere utasainidwa ku Rome mu 1992. Masiku amenewo wofuna kuphunzira nyimbo ankamvera pang'ono, nkuimitsa, nkutulutsa kaseti nkuibweza ndi bolopeni kuti mabatire asathe msanga. Dembo adamwalira mu 1996, makaseti nawo adatha, koma nyimboyo ikadali m'mafoni ndipo ikuvutitsabe ana amene adabadwa mwini wake atagona kale.

Chimene ambiri saganizira nchakuti m'nyimbo ya sungura simulira gitala imodzi. Muli ya lidi imene imalira pamwamba, muli ya rizimu imene imaluka pakati osapuma, ndiye pansi pali besi, kuonjezerapo ng'oma. Amenewa ndi anthu atatu kapena anayi, aliyense ndi zala zake, ndipo wina amalowa pamene mnzake wasiya mpata. Khutu la womvera limazimva zonsezi ngati chinthu chimodzi. Tsono mnyamata uja ali yekha pakhonde, akufuna kutulutsa ntchito ya anthu anayi pa gitala imodzi, mwinanso banjo ya nsambo zinayi. Akalephera amadziyesa mbuli, chonsecho akulu adanena kale kuti mutu umodzi susenza denga.

Komabe amene akumusekawo akulakwa. Miyezi itatu ija sinapite pachabe. Munthu amene wamvera chigawo chimodzi cha nyimbo kambirimbiri mpaka kusiyanitsa kuti apa ndi lidi, apa ndi rizimu, watsegula khutu lake, ndipo khutu lotere siligulidwa pa msika. Waphunzira kuchuna gitala popanda womuuza. Waphunzira kusunga liwiro, osathamanga pofewa ndi kuzengereza povuta, amene ndi matenda a oyamba kumene onse. Zala zake zafika malo a pa gitala amene sakadafikako akadangoimba zomwe zimamubwerera mosavuta. Kuona maso a nkhono nkudekha. Mnyamata amene wathawa nyimbo yovuta ponena kuti iye ndi wopeka, kawirikawiri nyimbo zake zisanu zija zimakhala nyimbo imodzi yomweyo, wangosintha mawu.

Funso lenileni ndi lakuti munthu aime pati potengera za eni. Pamenepa mbiri ya abale awiri a ku Malawi, Daniel ndi Donald Kachamba, ikhoza kuthandiza.

A Daniel Kachamba adabadwa m'chaka cha 1947. Ali mwana, banja lao lidakhala zaka zingapo ku Salisbury, kumene lero ndi Harare, monga ankachitira anthu ambiri a ku Nyasaland ndi a kuno ku Tete opita kukafuna ntchito. Nthawi imeneyo m'matauni a kummwera mudali moto wa nyimbo za kwela zochokera ku Johannesburg, zoimbidwa ndi kachitoliro kachitsulo. Akatswiri ake adali anthu monga Spokes Mashiyane ndi Lemmy Special Mabaso, ndipo ana a m'makomboni ankamvera mbale zao pa galamafoni nkumayesa kutengera. Ana a kwa Kachamba adachita chimodzimodzi. Adatengera zonse, mpaka kagwiridwe ka chitolirocho, kochilowetsa m'kamwa chopendekera kutsaya kuti chilire mokweza ndi monenepa. Pobwerera kwao mu 1961 adabwera nazo nyimbo za eni akezo kumudzi kwa Singano, pafupi ndi Chileka.

M'chaka cha 1967 katswiri wofufuza za nyimbo wa ku Austria, Gerhard Kubik, adawapeza akuimba m'misewu ya Blantyre: chitoliro, gitala, chisekese ndi besi ya nsambo imodzi yomangirira pa bokosi. Adawajambula mawu ndi kanema yemwe. Akadakhala kuti anyamatawo adaima pa kutengera kokha, nkhani yao ikadathera pomwepo, chifukwa ku South Africa komweko kwela idali itayamba kale kuzilala.

Koma a Daniel sadaime. Adamvera rumba ya ku Congo, adamvera twisti ya ku Kenya, adamvera simanjemanje, ndipo zonsezi adaziphunzira ndi khama lomwe lija. Kenaka adachita chimene mnyamata wa pakhonde uja akulephera kuganizira. Poona kuti ali yekha ndi gitala imodzi, sadakakamire kuti izilira ndendende ngati gulu la pa mbale. Adapeza njira yakeyake, chala chachikulu chikuyenda pa nsambo zonenepa m'malo mwa besi, china chikuimba nyimbo pamwamba, kotero kuti womvera pa wailesi ankayesa kuti akuimba anthu awiri. Ankachuna gitala m'njira zosiyanasiyana malinga ndi nyimbo. Pamwamba pa zonsezo adaika mawu a Chichewa onena za mabodza a anthu, za maukwati, za imfa ndi za umphawi wa kwao. Mu 1972 adaitanidwa kukaimba ku Ulaya, ndipo pomwalira mu 1987, ali ndi zaka 40 zokha, palibe amene ankamutchula kuti wotengera Spokes Mashiyane. Ankangoti nyimbo za Kachamba.

Ndipotu Dembo yemweyo, amene anyamata akumuopa lero, adatulukira m'njira yofananayo. Sungura sidagwe kumwamba. Oimba a ku Zimbabwe adayamba ndi kutengera mbale za rumba ndi benga zochokera ku East Africa. Dzina lenilenilo lidachokera pa chizindikiro cha mbale za ku Kenya zotchedwa Sungura, liwu la Chiswahili lotanthauza kalulu, ndipo kanindo nalonso lidali dzina la pa mbale. A ku Congo nawo rumba yao adaiyamba pomvera mbale za ku Cuba. Alick Macheso, mwana wa makolo ochokera ku Malawi, adatha zaka zambiri akuimba besi m'gulu la Khiama Boys limodzi ndi Nicholas Zakaria asanatulutse chimbale chakechake mu 1998. Aliyense wa amenewa adakhalapo pakhonde ndi nyimbo ya eni, ndipo aliyense idafika nthawi imene adaitula pansi.

Pali chifukwa china chimene chikufulumizitsa nkhaniyi masiku ano, ndipo ndi cha m'thumba. M'zaka zoyambirira nkhondo itatha, mnyamata wodziwa kuimba nyimbo zotchuka adali munthu wofunika pa ukwati, pa mowa ndi pa chisangalalo chili chonse, popeza wailesi ya kaseti idali ya anthu owerengeka ndipo mabatire ankatha usiku usanafike pakati. Lero pali sola, pali sipika yonyamula pa njinga, pali kamemori kakang'ono ngati chikhadabo kokhala ndi nyimbo mazanamazana. Mwini ukwati amene akufuna Chitekete amupeza Dembo mwini wake, ndi gulu lake lonse la Barura Express, osaphonya ngakhale pamodzi, osapempha nsima kapena nkhuku. Wotengera, ngakhale ataiphunzira bwanji, akupikisana ndi makina pa ntchito imene makinawo amaichita bwino kumposa. Ku wailesi nako nchimodzimodzi. Nthambi ya Rádio Moçambique ya ku Tete imaulutsa m'Chinyanja ndi m'Chinyungwe, ndipo wailesi ili yonse yotere imasowa nyimbo za m'zilankhulo za omvera ake. Munthu wopita kumeneko ndi nyimbo ya Dembo wanyamula chinthu chimene eni nyumbayo ali nacho kale.

Chimene sipika singathe ndi kutchula dzina la mkwati ndi mudzi wa kwao kwa mkwatibwi. Singaimbe za mtengo wa fodya wa chaka chino, za msewu wopita ku Tete nthawi ya dzinja, za mlimi wolandira meticais koma wogula mchere ndi makwacha kutsidya kwa malire, kapena za msodzi amene adalowa m'nyanja usiku osabwerako. Nkhani zimenezi zili mbwee m'boma lino, zikungodikira woziimba.

Anyamata ambiri akafunsidwa chifukwa chimene sapekera zao amati sanafikepo, ayambe atha kaye nyimbo zovutazo. Kunena zoona, ambiri ndi manyazi. Ukaphonya nyimbo ya Dembo anthu amati nyimboyo njovuta, koma ukaimba yako nkukhala yosakoma palibe pobisala. Chodabwitsa nchakuti m'nyumba momwemo muli agogo ake a mnyamatayo amene akhala akupeka nyimbo moyo wao wonse. Mayi akapsa mtima ndi mwamuna woledzera kapena apongozi olongolola, mawa lake pamtondo pamamveka nyimbo yatsopano, mudzi wonse nkudziwa amene akunenedwa. Ku chimtali ndi ku gule nyimbo zatsopano zimabadwa chaka ndi chaka, popanda wopempha chilolezo. Kupeka si chinthu chachilendo kuno. Gitala yokhayi, poti idabwera ndi alendo, ndi imene anyamata amaiyesa kuti iyenera kulankhula za alendo. Mbewa ya manyazi idafera kuuna.

Ku Zambia manyazi amenewa adawathetsa ndi lamulo. M'zaka za m'ma 1970 magulu a ku Lusaka ndi ku Copperbelt adali akatswiri potengera Jimi Hendrix ndi Rolling Stones. Pamene a Kenneth Kaunda adalamula kuti pafupifupi nyimbo zonse za pa wailesi zikhale za m'dziko momwemo, anyamata aja adakakamizika kupeka, ndipo luso lomwe adaliphunzira potengera lidagwira ntchito. Paul Ngozi adatenga gitala yolira mwa azungu nkuiimbitsa za moyo wa m'makomboni m'Chinyanja, ndipo ngakhale adamwalira mu 1989, mbale zake zasindikizidwanso kunja m'zaka zapitazi.

Pasakhale wonamiza mnzake kuti kupeka nyimbo kumalemeretsa. Allan Namoko wa ku Thyolo, wosaona uja wa banjo ndi gulu la Chimvu River Jazz Band, adapeka nyimbo zimene dziko lonse la Malawi linkaimba, koma adamwalira mu 1995 ali wosauka. Ndiponso pa ukwati anthu akaledzera amafuna nyimbo imene akuidziwa, kotero woimba wanzeru amasunga ziwiri kapena zitatu za eni m'thumba zoti atsegulire bwalo. Yakeyo amailowetsa pakati anthu atatenthedwa kale, nkuyang'ana miyendo yao. Ngati miyendo yaima, abwerere nayo kunyumba akaikonze. Ngati ana aigwira nkumaiimba m'mawa popita kudambo, ndiye kuti yapsa.

Ndipo siyenera kukhala yovuta. A Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu, obadwa mu 1930, nyimbo yao ya Linny Hoo ndi yoti mwana wophunzira gitala angaitsatire tsiku limodzi. Ataiimbanso pamodzi ndi Patience Namadingo mu 2020 idafalikira pa TikTok, ndipo pofika kumayambiriro kwa 2022 idali itaonedwa nthawi zoposa 80 miliyoni, anthu a m'maiko akutali akuyesa kutchula mawu a Chichewa amene sakuwamva.

Za a Donald Kachamba, mng'ono uja amene adayamba ndi kutengera chitoliro cha ku Johannesburg ali kamwana, zidathera motere. Kumapeto kwa chaka cha 1999 adaitanidwa ku sukulu ya ukachenjede ya UCLA mu mzinda wa Los Angeles ku America kuti akaphunzitse. Ophunzira a kumeneko, ena a iwo odziwa kale kuwerenga nyimbo za pa pepala, adakhala pansi milungu ingapo akulimbana ndi chitoliro, gitala ndi besi ya nsambo imodzi, kuyesa kutengera nyimbo za kwa Singano, mwini wake akuwabweza pamene aphonya. Zimene adaimba pamodzizo zidajambulidwa nkutulutsidwa pa chimbale. A Donald adabwerera kwao ndipo adamwalira mu Januwale 2001.