PAKHOMO PATHU: Hina ndi Wanja, Dzina Lokha Silikwanira

Bismillahir Rahmanir Rahim.



Ikayandikira Idi, kapena kukamveka kuti pamudzi pali nikaha, amayi ndi atsikana athu amayamba kufunsana komwe kukupezeka hina wabwino ndi wanja. Palibe cholakwika pamenepa. Kudzikongoletsa m'malire a Chisilamu ndi chinthu chololedwa, ndipo hina ndi wanja takhala nazo kuyambira kale. Mayina awiriwa tinawalandira kuchokera ku Chiswahili, kudzera m'njira za malonda zochokera ku Kilwa ndi ku Zanzibar, njira zomwezo zimene zinafikitsa Jumbe Salim bin Abdallah ku Nkhotakota cha m'ma 1840. Koma chimene tikufuna tikumbutsane lero ndi ichi: zina mwa zinthu zimene zikugulitsidwa ndi mayina amenewa masiku ano si zimene agogo athu ankapaka. Dzina ndi lomwelo, koma m'kati muli zina. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

HINA WENIWENI

Hina ndi kamtengo ka masamba ang'onoang'ono ndi maluwa onunkhira, kamene kamakonda malo otentha ngati kuno kunyanja. Masamba ake akayanikidwa pamthunzi, kusinjidwa ndi kusefedwa, amapereka ufa wobiriwira wonunkha ngati udzu wouma. Ufawo timausakaniza ndi madzi a ndimu kapena tiyi wozizira, kuthirako shuga pang'ono kuti ugwire pakhungu, ndi kuusiya maola angapo kuti utoto utuluke.

Hina weniweni safuna munthu wothamanga. Ukapaka, uyenera kukhala naye maola 4 mpaka 6, ndipo ena amagona naye usiku wonse. Ukamuchotsa, maluwa amaoneka ngati a mtundu wa lalanje. Pakapita tsiku limodzi kapena masiku 2 m'pamene amakhwima n'kukhala ofiirira ngati katondo wonyowa. Amagwira kwambiri m'zikhatho ndi kumapazi chifukwa khungu la kumeneko n'lokhuthala, ndipo amatha okha pakapita sabata imodzi mpaka masabata 3 pamene khungu lapamwamba likufundula. M'tsitsi namo, hina amasandutsa imvi kukhala zofiirira. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ubwino wina kwa ife Asilamu ndi wakuti utoto wa hina sutchinga madzi. Phala lake likachotsedwa, chotsala ndi mtundu chabe, choncho wudhu ndi kusamba kwa twahara zimatheka bwinobwino. Izi n'zosiyana ndi utoto wa m'zikhadabo uja ambiri amautcha Cutex, umene umamata pamwamba ndi kuletsa madzi kufika pachikhadabo.

Tigwire mfundo imodzi pano: hina wochokera ku masamba okha sapereka mtundu wakuda bii pakhungu. Ngakhale mutamusiya masiku, amathera pa kufiirira basi.

NANGA WAKUDAYU NDI CHIYANI?

Chimene chimagulitsidwa ndi dzina loti hina wakuda kawirikawiri chimakhala chosakaniza ndi mankhwala a m'fakitale otchedwa PPD, omwe amapezeka mu utoto wodetsa tsitsi. M'maiko a ku Ulaya ndi ku America mankhwalawa amaloledwa mu utoto wa tsitsi wokha, koma kuwalemba pakhungu n'koletsedwa. Opaka amawakonda chifukwa amagwira msanga, ola limodzi lisanakwane, ndipo maluwa amaoneka bwino pachithunzi. Mkwatibwi sadikira, wopaka amapaka anthu ambiri pa tsiku, aliyense n'kumapita wokondwa.

Mavuto amabwera pambuyo. Kwa ena pakapita masiku ochepa, kwa ena ngakhale masabata 2, pamene panali maluwa pamayamba kuyabwa, kutentha ndi kutupa, kenako pamatuluka matuza otsata ndendende mizere ya maluwa aja. Matuza akaphulika pamakhala zilonda, ndipo zikapola zimasiya zipsera zakuda kapena zoyera zimene zimatha miyezi, nthawi zina osachokanso. Tangoganizani mtsikana woti wangolowa m'banja kumene, manja ali m'mabandeji, sangathe kuphika, kuchapa, ngakhale kuchita wudhu popanda ululu.

Choopsa china n'chakuti thupi likadana ndi PPD kamodzi, siliiwalanso moyo wonse. Munthu yemweyo akadzapaka utoto wa tsitsi patapita zaka, mutu ndi nkhope zimatha kutupa mpaka maso kutsekeka. Komanso wina angathe kupaka kawiri katatu osaona vuto, n'kudzapsa ulendo wachinayi. Choncho mawu oti "ine ndinapakapo, sindinaone kanthu" si umboni. Ndipo ufa umenewu ndi poizoni ukamwedwa. Madokotala a ku Sudan ndi ku Morocco alembapo za odwala ambiri, ana ndi akulu omwe, amene anatupa khosi ndi lilime, kulephera kupuma, ndi kuonongeka impso atamwa PPD. Usasiyidwe pomwe ana angafike.

Abambo, nkhaniyi ikutikhudzanso ife amene timadetsa ndevu ndi imvi. Mabuku a Hadith amasimba kuti pa tsiku logonjetsa mzinda wa Makkah, m'chaka cha 630, Abu Quhafa, bambo ake a Abu Bakr (R.A.), anabwera naye kwa Mtumiki Muhammad (S.A.W.) mutu ndi ndevu zili mbuu, ndipo Mtumiki analamula kuti imvizo zisinthidwe mtundu koma apewe wakuda. Abu Bakr mwini wake ankapaka hina wosakaniza ndi chomera china chotchedwa katam. Mashehe athu angatifotokozere bwino chigamulo cha utoto wakuda. Ife tingoti njira ya hina wa masamba ndi yakale, ndiponso ndi imene siotcha khungu.

MAKANDA ASAPAKIDWE

Ngakhale hina weniweni si wa aliyense. Pali ana ena amene amabadwa magazi awo ali operewera chinthu chotchedwa G6PD, chimene chimateteza maselo ofiira a magazi. Vutoli ndi lobadwa nalo, limapezeka kwambiri mwa ana aamuna, ndipo ndi lofala m'maiko a malungo ngati lathu lino. Mwana amaoneka wathanzi, makolo osadziwa kanthu. Koma khanda lotere likapakidwa hina malo aakulu, utoto umalowa kudzera pakhungu lake lanthetelo n'kuswa maselo a magazi. Madokotala a ku Kuwait ndi ku Turkey anaonapo makanda odwala kwambiri mwanjira imeneyi. Zizindikiro zake ndi chikasu m'maso, kuyera kwa zikhatho ndi m'kamwa, kufooka, ndi mkodzo wakuda ngati tiyi. Mukaona zotere, thamangirani kuchipatala ndipo mukanene kuti mwanayo anapakidwa hina. Chabwino koposa ndi kudikira kuti ana ayambe akula.

WANJA

Hadith zimatchula wanja wa mwala wotchedwa ithmid, ndipo n'chifukwa chake ambiri a ife timauona wanja ngati Sunna. Koma akatswiri atapima wanja wa ufa wogulitsidwa m'misika ya ku Middle East, ku India, ku Pakistan ndi kumpoto kwa Africa, anapeza kuti wambiri ndi wopera kuchokera ku mwala wa mtovu, ndipo m'timabotolo tina mtovu unali woposa theka la ufa wonse. Mtovu ndi chitsulo cholemera chija chili m'mabatire a galimoto. Miyala iwiriyi ikaperedwa imafanana kuda ndi kunyezimira kwake, moti ndi maso sungaisiyanitse, ngakhale pabotolo palembedwe mawu a Chiarabu. Dziko la America sililola wanja wotere kulowa m'dzikomo.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'thupi umene ukudziwika kuti ndi wosaopsa. Amene amapwetekeka kwambiri ndi ana aang'ono. Mwana akalembedwa wanja m'zikope kapena m'nsidze amatikita maso, n'kuika zala m'kamwa, motero mtovu umalowa m'mimba tsiku ndi tsiku. Sumva kuwawa, sulira. Umangoononga ubongo pang'onopang'ono, ndipo zotsatira zake timadzaziona mwana atayamba sukulu ndi madrasa, akuvutika kusunga zimene anzake akusunga mosavuta. Mayi woyembekezera nayenso amapatsira mtovu mwana amene ali m'mimba. Maso a khanda ndi okongola monga anawalengera Allah, asaikidwe kanthu kupatula mankhwala operekedwa kuchipatala.

Palinso nkhani ya kamtengo kolembera. Panyumba ya chikwati kamtengo kamodzi kamayenda m'maso mwa anthu 10 kapena kuposa. Matenda a maso amayenda chimodzimodzi. Tikukumbuka m'mene matenda a maso ofiira anafalira m'dziko muno m'chaka cha 2024, kuyambira ku Karonga. Tikukumbukanso kuti mu 2022 bungwe la WHO linatsimikiza kuti Malawi wathetsa trachoma ngati vuto la umoyo wa anthu, patatha zaka zambiri za khama. Tisabwezeretse m'mbuyo ntchito imeneyi chifukwa chobwerekana kamtengo.

MAFUTA A ZITHUNZI ZA ZIPATSO

Chinyengo chomwechi chili m'mafuta oyeretsa khungu. Pabotolo amajambulapo karoti, papaya kapena ndimu kuti tiganize kuti n'zachilengedwe, pamene ambiri mwa mafutawa choyeretsa chenicheni ndi hydroquinone, mercury, kapena mankhwala amphamvu a m'chipatala otchedwa steroid. Khungu limapyapyala, limachita mizere ndi ziphuphu, ndipo dzuwa lathu la kunyanjali likaomba, masaya amada kuposa kale. Mercury amaononga impso ndi mwana wosabadwa. Dziko la South Africa linaletsa hydroquinone m'mafuta odzola mu 1990. Qur'an yolemekezeka, m'Sura ya Ar-Rum ndime 22, imaika kusiyana kwa zilankhulo ndi mitundu ya khungu m'gulu la zizindikiro za Allah. Khungu lakuda si matenda oti tiwafunire mankhwala. Limangofuna kusamba ndi kudzola. Mafuta a nsatsi, a mtedza kapena a kokonati amakwanira kufewetsa khungu louma, zidendene zong'aluka ndi tsitsi. Koma njere za nsatsi n'zakupha zikatafunidwa, zisungidwe kutali ndi ana.

TICHITE CHIYANI TSONO?

1. Tibzale hina pakhomo. Amamera ndi njere kapena nthambi, ndipo atakhazikika safuna madzi ambiri. Masamba othyola wekha sakunamiza.

2. Pogula ufa, tione kuti ndi wobiriwira ndipo ukununkha masamba. Ufa wakuda, phala lonunkha mankhwala kapena palafini, ndi lonjezo loti ugwira m'mphindi 30, zonsezi zitichenjeze.

3. Tifunse wopaka kuti wasakaniza chiyani, asanagwire dzanja la mwana wathu. Safunsa anadya phula.

4. Mkwatibwi apakidwe masiku 2 tsiku la nikaha lisanafike, kuti mtundu ukhwime wokha popanda kuthamangitsa ndi mankhwala.

5. Wanja wa ufa wosadziwika kochokera tiusiye. Wofuna kulemba m'maso agule pensulo yolembedwa zimene zili m'kati mwake, ndipo ikhale yake yekha.

6. Khungu likayamba kuyabwa kapena kuchita matuza, titsuke ndi madzi ambiri ndi sopo, tisapakepo phulusa kapena mankhwala otsukira mano, ndipo tipite kuchipatala titatenga paketi yake. Nkhope kapena khosi zikatupa, tisadikire kuti kuche.

MAWU KWA OGULITSA NDI OPAKA

Ambiri mwa alongo athu amene amapaka hina sadziwa chimene chili m'paketi, nawonso anangogula. Koma amene wamva tsopano wadziwa. Hadith imasimba kuti Mtumiki (S.A.W.) anapisa dzanja mu mulu wa chakudya chogulitsa pamsika, napeza kuti pansi pake n'ponyowa pamene pamwamba n'pouma, ndipo anadzudzula mwini malondayo chifukwa chobisa chilema. Kugulitsa utoto wa tsitsi n'kumautcha hina ndi kubisa kwa mtundu womwewo. Phindu la tsiku limodzi silingafanane ndi chipsera cha mwana wa mnzako.

Tikupempha amayi a Dawa, anankungwi ndi aphunzitsi a madrasa kuti nkhaniyi aikambe m'misonkhano yawo nyengo ya zikwati isanafike. Thupi limeneli ndi amana imene Allah anatisungitsa, ndipo matupi a ana athu ndi amana yoposa, chifukwa iwo sangathe kudzifunsira okha.

Allah atipatse thanzi, ateteze mabanja athu, ndi kutionjezera kuzindikira kothandiza. Mpaka tidzakumanenso m'kope lotsatira, Insha Allah.

Wassalamu alaikum warahmatullahi wabarakatuh.