Akale a ku Mzuni, kwanu nkwanu

Dzina la Mzuni ndidayamba kulimva pa wailesi ndili mwana. Sanali kukamba za madigiri ayi, koma za mpira. Anyamata otchedwa Green Intellectuals ankalimbana ndi Bullets, Wanderers ndi Moyale pa bwalo la Mzuzu Stadium mu ligi yaikulu ya dziko lino. Ndidafunsa bambo anga kuti Mzuni nchiyani, ndipo adandiuza kuti ndi sukulu ya ukachenjede. Tsiku limenelo ndidatsimikiza mtima kuti ndidzaphunzira kumeneko.

Lero ndili pano pa Luwinga, koma timu ija idachoka m'manja mwa sukulu nkutchedwa Mzuzu Warriors. Ena amati palibe chidatayika chifukwa tidabwerera mabuku, osati chikopa. Ine ndikutsutsa. Mwana wa ku Nsanje kapena ku Chitipa sawerenga kalendala ya yunivesite, koma zigoli amazimva. Timu ija inkaitanira ana kusukulu popanda kulipira uthenga wa malonda.

Mbiri yathu ndi yaifupi, choncho ndi yosavuta kuitaya. Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa sukuluyi mu 1997, ndipo ophunzira oyamba adalowa mu Januwale 1999, m'nyumba zomwe kale zinali za koleji ya aphunzitsi. Idali yunivesite yachiwiri ya boma. Mu Disembala 2015 moto udapsereza laibulale yathu pamodzi ndi mabuku zikwizikwi. Moto umenewu udatiphunzitsa kuti chinthu chosungidwa pamalo amodzi chimatha usiku umodzi.

Nanga mbiri yotsalayo ili kuti? Ili ndi inu amene mudatsiriza maphunziro pano. Ambiri mwa inu mukugwira choko m'masekondale, monga aphunzitsi anga a Chichewa omwe adandionetsa chithunzi chawo atavala gauni. Muli ndi zithunzi, majezi akale komanso nkhani za momwe mudayambira popanda zambiri.

Ndikudziwa kuti malipiro a mphunzitsi safika pa 20 mwezi. Sindikupempha mamiliyoni. Ndikupempha kuti kamodzi pachaka mubwere, musewere nafe mpira ndi ntchemberembaye, mutisiyire zithunzizo, ndipo ife a zilankhulo tijambule mawu anu nkuwalemba. Ngati aliyense ataponyapo kangachepe, mpira ndi yunifomu sizingatikanike.

Mukapanda kutero, ana obwera m'mbuyomu adzapeza makoma okha, osadziwa amene adapondapo kale. Bwerani, kwanu nkwanu.