Tisanaitane alendo a mpira, tiuzeni amene adzasesedwe

Kangapo konse dziko la Zambia latambasula dzanja kuti lichereze masewera aakulu koposa a mu Africa, ndipo nthawi zonse dzanjalo labwerera lopanda kanthu: AFCON ya 1988 tinaibweza posowa ndalama nikachitikira ku Morocco, All-Africa Games ya 2011 imene inapatsidwa kwa Lusaka tinaisiya mu 2008 nipita ku Maputo, ndipo AFCON ya 2025 imene tinaipempha inagweranso Morocco. Popeza chilakolakocho sichinafe, ife a kwa Shikabeta, dziko la Asoli m'boma la Rufunsa, amene mpira timaumvera pa wailesi koma makala athu ndi ana athu amatsika ndi Great East Road kukatumikira mzinda wa Lusaka, tili ndi funso: pamene Lusaka idzadzola mafuta kuti ikondweretse alendo, ndani adzaimikidwe poyera, ndipo ndani adzakankhidwire kuseri?

Abale athu a ku South Africa anaiona nkhaniyi pamene anachereza World Cup mu 2010. Dziko lawo linadzitsatsa kwa amitundu monga kwawo kwa ufulu, kumene malamulo kuyambira 2006 amalola ngakhale ukwati wa amuna okhaokha kapena akazi okhaokha, ndipo Cape Town inakopa nazo alendo a ndalama. Komatu mu April 2008, ku KwaThema, Eudy Simelane, amene anasewerera Banyana Banyana nakhala poyera monga mkazi wokonda akazi anzake, anagwiriridwa ndi kuphedwa. Ufulu umene unalembedwa pa zikwangwani za alendo sunafike m'makomboni. Mu 2007 mkulu wa apolisi, a Jackie Selebi, anafika ponena kuti uhule uloledwe pa nthawi ya masewera, ndipo ine ndiona kuti chimene chinawadetsa nkhawa ndi chilakolako cha mlendo, pakuti akadakhala kuti akumvera chisoni amayi oyendayenda omenyedwa usiku, sakadaika malire a mwezi umodzi. Amphawi ena a Cape Town anapezeka m'timisasa ta malata ku Blikkiesdorp, kutali ndi bwalo, nadandaula kuti awabisa. Chikomekome cha nkuyu, mkati muli nyerere.

Kwathu kuno malamulo ndi ena, pakuti ndime 155 ya Penal Code imalanga kugonana kwa amuna okhaokha, ndipo mu 2019 amuna awiri a ku Kapiri Mposhi anagamulidwa zaka 15 asanakhululukidwe ndi pulezidenti wa nthawiyo, a Edgar Lungu, chaka chotsatira. Sindikupempha mpingo uliwonse kuti usinthe chiphunzitso chake. Ndikungochenjeza kuti kukayikirana kumene kumamera pansi pa lamulo lotere kumagwera ngakhale amene lamulolo silikuwakhudza, makamaka atsikana a mpira. Taonani Barbra Banda: pa Olympics ya ku Tokyo mu 2021 anagoletsa zigoli zitatu pokumana ndi Netherlands, nabwereza zitatu pokumana ndi China, dziko lonse nilidzitama naye, koma mu 2022, pa mpikisano wa amayi ku Morocco, anamukhazika pambali pa nkhani ya kuyeza thupi lake, FAZ niloza chala CAF, CAF nikana kuti sinagamule zimenezo. Pamene BBC inamusankha kukhala katswiri wa mpira wa amayi mu 2024, onyoza pa intaneti anamuvulanso ndi malilime awo. Kodi mayi wa kuno, woona mwana wake wamkazi akuthamangitsa chimpombwa pa bwalo la sukulu atameta tsitsi, adzamulimbikitsa bwanji, podziwa kuti akadzapambana thupi lake lidzakhala mlandu wa anthu onse?

Za osauka sitisowa kupita kutali. Mu January 2018, kolera itabuka, asilikali anachotsa mavenda m'misewu ya Lusaka, ndipo National Heroes Stadium, bwalo la anthu 60,000 lomwe linatsegulidwa mu 2014, pamene anyamata athu anagonjetsera Senegal 2-0 mu 2017, linasanduka chipatala cha odwala. Mu 2024 linatero kachiwiri. Anthu a ku Kanyama, amene mzinda unawamana madzi abwino ndi zimbudzi, ena a iwo analowa m'bwalolo atanyamulidwa. Apo panali chifukwa cha matenda; nanga boma limene lasonyeza kuti likhoza kusesa msewu m'masiku owerengeka, lidzalephera kutero pofuna kukometsa zithunzi za alendo?

Chifukwa chake, inu akuluakulu a FAZ, a Unduna wa Zamasewera ndi a khonsolo ya Lusaka, tsiku limene mudzapemphenso mpikisano, mulembe m'kalata yomweyo kumene mavenda adzagulitsire pafupi ndi bwalo, malire amene apolisi sadzalumpha pogwira amayi ndi ana a mumsewu, dzina la ofesi imene idzayankhe pamene wosewera wamkazi achotsedwa, ndi gawo la ndalama limene lidzafike m'maboma onga Rufunsa. Kalatayo iwerengedwe ku Nyumba ya Malamulo isanatumizidwe kwa CAF ku Cairo.