Pakhoma la pabalaza pakhale nkhope zakwathu

Tsiku la msika pa Lizulu, pa Kampepuza kapena pa mphambano ya ku Tsangano, mukangodutsa milu ya mbatatesi ndi makabichi simulephera kupeza mnyamata atayala zithunzi pansi, m'ngodya atatsendereza ndi timiyala kuti mphepo isaziulutse. Pali nyumba yosanja yokhala ndi dziwe losambiramo pakhomo, pali dengu losefukira ndi zipatso zoti ambiri a ife sitinazilawepo, pali mathithi otsika m'mapiri oyera mbee, pali anyamata a Arsenal ndi a Manchester United atafola ndi chikho. Anthu amaima, kusankha, kunenerera mtengo, kenako chithunzi chija amachikulunga bwinobwino n'kuchimangirira panjinga pamodzi ndi mchere ndi sopo. Pofika madzulo chimakhala chili pakhoma.

Ogula zithunziwa ine ndimawalemekeza. Munthu amene wapatula kandalama pa zochepa zomwe wapeza atagulitsa nyemba, n'cholinga choti nyumba yake ioneke bwino, wasonyeza kuti moyo si mimba yokha. Chomwe chimandiwawa n'chakuti pamulu wonsewo simupezapo chithunzi cha kwathu kuno. Palibe phiri la Chirobwe, palibe chigwa cha Bwanje chitabiriwira, palibe damu la Mpira, palibe bambo wovina ngoma atanyamula chishango, palibe mayi wovala mikanda. Wogula amasankha pa zomwe wazipeza, ndipo zomwe wazipezazo zinasindikizidwa kutali ndi anthu amene Ntcheu sanamuonepo.

Kukongoletsa khoma sitinaphunzire kwa alendo ayi. Khrisimasi ikamayandikira, amayi athu ankalawirira kudambo kukakumba mtsiro, ndipo m'midzi yambiri akuterobe mpaka lero. Akazira pansi ndi pakhonde, amatembenukira kukhoma: m'munsi mzere wakuda wa makande, pamwamba pake katondo wofiira, kenako ndi phulusa kapena dothi loyera amajambula maluwa, nkhanga ndi timizere tokhotakhota. Chopakira chake ndi chikhatho ndi kansanza basi. Nyumba iliyonse inkadziwika ndi dzanja la mwini wake, moti wodutsa panjira ankatha kunena kuti pano pali mayi waukhondo. Tikabwerera m'mbuyo kwambiri, kwa anansi athu ku Dedza, m'mapanga a Chongoni muli malo 127 a zithunzi za pamiyala, zofiira zomwe anajambula Akafula ndi zoyera zomwe anajambula Achewa, zambiri zokhudza chinamwali ndi miyambo ina. Mu 2006 bungwe la UNESCO linaika malowa m'gulu la chuma cha dziko lonse lapansi. Amene anajambula pamiyalapo ankajambula za moyo wawo, kuti ana awo aone ndi kuphunzira.

Kenako kunabwera njerwa zootcha, simenti ndi malata, zomwe tonse tinazilandira ndi manja awiri. Koma khoma lopulasitala silimva mtsiro. Dzanja la mayi linachoka pakhoma, ndipo malo ake panalowa kalendala ya kampani ya feteleza, nyuzipepala zomata ndi phala, ndi zithunzi za pamsika zija. Nyumba zinalimba, koma khoma linaleka kunena za eni ake.

Wina anganene kuti chithunzi ndi pepala chabe. Ine ndikuti tifunse mwana. Mwana amene akukwawa pabalaza amayamba kuona zapakhoma asanadziwe ngakhale chilembo chimodzi, ndipo amaziona m'mawa uliwonse mpaka atakula. Ngati zokongola zonse zomwe makolo ake anaziona kuti n'zoyenera kupachika zili za kutsidya la nyanja, phunziro lomwe amatola ndi lakuti chokongola chimakhala kutali, ndipo kwawo ndi kongodikirirako ulendo. M'mera mpoyamba. Tisadabwe mwanayo akadzakula n'kumachita manyazi kutchula mudzi wa kwawo.

Taonani ndalama yapepala ya K50 yomwe inatuluka mu 2012. Nkhope yomwe ili pamenepo ndi ya Inkosi ya Makhosi Philip Gomani II, mfumu yathu ya Angoni a kwa Maseko. Mu 1953 anakana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, nauza anthu ake kuti asamvere malamulo ena a boma la atsamunda. Boma linamuchotsa pampando, iye anawolokera ku Mozambique limodzi ndi mbusa Michael Scott, koma anabwezedwa kuno, ndipo anamwalira mu 1954. Bambo ake, Gomani Chikuse, anaphedwa ndi atsamunda omwewo mu 1896. Nkhope ya Gomani II yadutsa m'manja mwathu kosawerengeka pogula tomato ndi machesi, koma ndi nyumba zingati kuno zomwe zinaipatsa malo pakhoma? Ana athu amatchula osewera khumi ndi mmodzi a timu ya ku London osaphonya, chifukwa amagona ndi kudzuka akuwaona.

Kusindikiza pakokha si mdani. Chithunzi cha Mgonero wa Ambuye chomwe chili m'nyumba zambiri za Akhristu chinachokera pa ntchito ya Leonardo da Vinci, yomwe anaijambula pakhoma la chipinda chodyera cha amonke mumzinda wa Milan ku Italy pakati pa 1495 ndi 1498. Khomalo silinasunthepo, koma makina osindikizira anachifikitsa chithunzicho mpaka ku Nsipe ndi ku Kasinje pamtengo woti mlimi angakwanitse. Njira yomwe inabweretsa za ku Milan ingathenso kufikitsa za kwathu m'nyumba zathu.

Ndipo zakwathuzo zilipo. Chikatolika chinakhazikika m'dziko lino kuyambira ku Nzama, m'boma lathu lomweli, pamene ansembe a Montfort anafika mu 1901, ndipo zithunzi zoyera zomwe tinazolowera kuyambira kalelo zinali za nkhope za ku Ulaya. Koma mukatsika msewu wa Khwekhwerere n'kukafika ku Mua, mukaona china. Bambo Claude Boucher, wansembe wochokera ku Canada, anayambitsa kumeneko malo a luso ndi chikhalidwe a Kungoni mu 1976. Amisiri a kumeneko amasema ndi kujambula nkhani za m'Baibulo ndi nkhope zathu, zovala zathu ndi midzi yathu, ndipo kunyumba yosungiramo mbiri ya Chamare kuli zithunzi zofotokoza moyo wa Achewa, Angoni ndi Ayao. Munthu akaona Mariya atabereka mwana kumbuyo ndi chitenje, Uthenga Wabwino umamufika pamtima mwa njira ina.

Nanga n'chifukwa chiyani ntchito zoterezi sizifika pabalaza pathu? Nkhani ndi mtengo. Wojambula amatha masiku ambiri pa chithunzi chimodzi, penti ndi nsalu yojambulapo n'zodula, choncho sangagulitse pamtengo wa pamsika. Amapita nacho ku Lilongwe, ku Blantyre kapena kunyanja, kumene mlendo wodzaona dziko amachigula n'kukwera nacho ndege. Mapeto ake, mudzi wa ku Ntcheu wojambulidwa mwaluso ukukongoletsa nyumba ku Ulaya, pomwe nyumba ya ku Ntcheu ikukongoletsedwa ndi mudzi wa eni.

Kwa ojambula athu ndikuti: choyambiriracho gulitsani kwa amene ali ndi ndalama zake, koma musanachipereke chitoleni bwino ndi kamera, pamalo owala koma opanda dzuwa lachindunji, kuti musindikize makope. Makina omwe amasindikiza zinsalu za maukwati ndi za misonkhano ya ndale angathenso kusindikiza luso lanu. Sankhani pepala lolimba, sainani kope lililonse ndi dzanja lanu, lembani nambala yake ndi dzina la malo omwe mwajambula. Mukatero yalani pamsika, pakhomo la tchalitchi, kapena ku Nkolimbo pa Umhlangano wa Maseko, kumene Angoni amasonkhana chaka ndi chaka mitima ili pa za makolo awo. Akalipentala a pa boma nawo apezapo ntchito yokhoma mafelemu.

Ife ogula tikhale achilungamo. Kutenga chithunzi cha munthu pa Facebook kapena pa WhatsApp n'kukasindikiza kuti tizigulitsa iye osadziwa ndi kuba, ngakhale palibe chitseko chomwe chathyoledwa. Lamulo la 2016 loteteza umwini wa ntchito zaluso silikhudza oimba okha. Ojambula nawonso ali momwemo, ndipo bungwe la COSOMA lilipo kaamba ka zimenezi. Tikafuna kuti ana athu aluso apitirize kujambula, tiwalipire.

Palinso chuma china chomwe tili nacho kale, sichifuna kugula. M'masutikesi akale, pansi pa zovala, muli zithunzi za agogo atavala jekete lawo ku Joni kapena ku Halale, za ukwati wa makolo athu, za ubatizo, za tsiku lomwe mlongo wathu anamaliza maphunziro. Mphemvu ndi chinyezi zikuzidya mwakachetechete. Musazipeputse. Chithunzi chimodzi cha mu 1914, cha John Chilembwe atavala chipewa ataima ndi mmishonale John Chorley, ndi chomwe Samson Kambalu, katswiri wa ku Malawi, anatengerapo chosema chake chotchedwa Antelope, chomwe chinaimikidwa pabwalo la Trafalgar Square ku London mu 2022. Pakanapanda wina kusunga kapepala kameneko, chosemacho sichikanakhalapo. Tengani chithunzi cha agogo, pitani nacho kwa osindikiza akachikope ndi kuchikulitsa. Kopelo ndilo mupachike. Chenichenicho chisungeni mu envulopu pamalo ouma. Kuseri kwake lembani ndi pensulo dzina, mfunda, mudzi ndi chaka, akuluakulu odziwa akadali moyo. Chithunzi chopanda dzina, pakatha mibadwo iwiri, chimasanduka cha mlendo.

Popachika napo pamafunika nzeru. Khoma lomwe limanyowa nthawi ya mvula lipeweni, chifukwa nkhungu imalowa kuseri kwa galasi n'kusiya mawanga osachoka. Moyang'anizana ndi windo lolowa dzuwa la masana, mitundu imafwifwa msanga, ndipo pafupi ndi mbaula kapena koloboyi utsi umadetsa. Ambiri timakonda kupachika m'mwamba kufupi ndi denga, moti mlendo amachita kukweza khosi. Chithunzi chikhale pamlingo wa maso a munthu woimirira. Kuseri kwa felemu, m'ngodya zam'munsi, matanipo tizidutswa ta labala kuti mpweya uzidutsa pakati pa felemu ndi khoma, ndipo nthawi ndi nthawi muzichotsa n'kusuzumira ngati chiswe sichinamange njira. Musadzaze khoma lonse. Zithunzi zitatu zopachikidwa mwadongosolo zimaoneka bwino kuposa makumi awiri zothithikana.

Sindikuti tichotse zonse zakunja. Wokonda mpira asunge timu yake, ndipo Mgonero wa Ambuye ukhale pomwe uli. Pempho langa ndi lakuti malo aulemu, pamene maso a mlendo amayamba kugwera akangokhala pampando, tiwapereke kwa zathu. Aphunzitsi akulu achite chimodzimodzi m'makalasi, ndipo eni malo ogona alendo ndi odyera m'mbali mwa msewu wa M1 aitane mnyamata kapena mtsikana waluso wa m'dera lawo, amugule ntchito. Ogulitsa pamsika amabweretsa zomwe anthu akufunsa. Tikayamba kufunsa kuti cha Gomani chilipo, cha ngoma chilipo, cha Chirobwe chilipo, sipatenga nthawi, adzayamba kuzifunafuna, ndipo ojambula athu adzapeza chifukwa chojambulira anthu akwawo.