KHOTI LIYAMBE LAFUNSA ZA NKHANZA

Banja likatha, bambo ndi mayi nayamba kulimbirana ana, mafunso amene amayamba kumveka pabwalo la milandu ndi akale omwe aja: kodi ukwatiwo unali wachikamwini kapena wolowola, nanga ankhoswe akuti chiyani? Mafunsowa sitikuwanyoza. Koma ife tikuona kuti lilipo funso lina loyenera kutsogola: kodi m'nyumbamo munali nkhanza, ndipo wochita nkhanzayo anali ndani?

Nkhaniyi si yaing'ono ai. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti mwa amayi 100 alionse amene anakwatiwapo, 42 anachitiridwapo nkhanza ndi amuna awo. Ambiri mwa amayi amenewa ndi anakubala, ndipo ana awo ndi omwewo amene akhala m'makalasi athu.

Malamulo tili nawo. Lamulo loteteza anthu ku nkhanza za m'banja la 2006 linapatsa makhoti mphamvu yoletsa wankhanza kuyandikira mnzake, ngakhalenso kumtulutsa m'nyumba kuti wozunzidwayo atsalemo ndi ana. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010, pamodzi ndi gawo 23 la malamulo aakulu a dziko lino, likuti pogamula nkhani yokhudza mwana, chofunika koposa ndi ubwino wa mwanayo. Silinati ubwino wa mwinimbumba, kapena wa amene anapereka ng'ombe.

Vuto lili pa kachitidwe. Mayi wothawa nkhonya kawirikawiri amafika kukhoti chimanjamanja, wopanda loya, wopanda kalata ya kuchipatala, mwinanso ana atawasiya m'mbuyo pakuti anathawa usiku. Mwamuna amafika atatchena, akulankhula mofatsa, ndipo amati, "Ana ali ndi ine, mayi wawo anawasiya." Woweruza wosafunsitsa angathe kupereka ana kwa munthu yemweyo amene anathawitsa mayi wawo. Choopsanso china ndi chizolowezi chobweza nkhani zotere kwa ankhoswe kuti akakambirane. Unkhoswe ndi mwambo wabwino, ndipo wamanga mabanja osawerengeka. Koma kukambirana kumafuna anthu awiri olankhula momasuka. Amene akuopa kuti akamenyedwa madzulo amangovomera zilizonse, ndipo anthu amabalalika akuganiza kuti mlandu watha. Mawu aja akuti banja ndi kupirira sananenedwe kuti mwana azionerera mayi wake akuthyoledwa mkono.

Chotero tikupempha oweruza kuti mlandu wa ana umene mwamveka za nkhanza uzipatulidwa pa tsiku loyamba lomwe, uziikidwa patsogolo, ndipo mbali ziwirizo zizifunsidwa payekhapayekha. Khoti liziitanitsa zimene analemba apolisi a Victim Support Unit ndi alangizi a zachisamaliro cha anthu, lisanagamule kumene mwana azikagona. Ngati kholo lankhanzalo liloledwa kuona mwana, pazikhala munthu wina wodalirika.

Kwa inu aphunzitsi tili ndi mawu apadera. Ndinu amene mumaona mwana akusinza m'kalasi, akujomba, kapena akunjenjemera belu loweruka likalira. Lamulo la 2010 lija likulamula aliyense wodziwa kuti mwana akuzunzidwa kuti akanene kwa apolisi kapena kwa alangizi. Lembani zimene mwaona pamodzi ndi tsiku lake, ndipo khoti likakuitanani, pitani nalo kaundula wanuyo.