PAKHONDE PATHU: Kodi Sakura Anakwatiwa Bwino?

 Ulendo uno ndabwera ndi mlandu umene ndinaupeza pakhomo panga kuno ku Limphasa tsiku lina madzulo, ndikuchokera kusikimu kumene tinkaokera mpunga. Ndisanatule ndi khasu lomwe, ndinamva phokoso kuseri kwa nyumba. Adzukulu anga awiri, mnyamata wa Fomu 3 ndi msuweni wake wamkazi wa Fomu 1, anali kulimbirana foni, makani ali pakamwa. Ine ndinkayesa nkhani yake ndi ya ndalama. Ayi ndithu, ankakangana za ukwati wa anthu ongojambula, Sasuke ndi Sakura.

"Agogo, tiweruzeni," anatero mtsikanayo. Nanga munthu n'kuweruza bwanji mlandu usanaumve? Ndinayala mkeka, ndipo kwa masabata angapo ndinaonera nawo limodzi, uku ndikufunsa.

Makatuni a ku Japan amene ana athu akupatsirana m'mafoni amatchedwa anime, ndipo ambiri mwa iwo amachokera m'mabuku a nkhani zojambula otchedwa manga. Nkhani imene inautsa mapiri pachigwa kwathu ndi ya Naruto, yolembedwa ndi Masashi Kishimoto. Inkatuluka sabata ndi sabata m'magazini ya Weekly Shonen Jump kuyambira 1999 mpaka 2014, ndipo inakwana mitu 700. Kanema wake anaonetsedwa kuyambira 2002 mpaka 2017, magawo 720. Ndi nkhani ya mwana wamasiye wosalidwa m'mudzi wa Konoha, amene akulakalaka kudzakhala mtsogoleri wa mudziwo. Kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto ndi nkhondo, kuphunzira kumenya, ndi ubwenzi wa anyamata.

Tsono m'mutu wotsiriza owerenga anangozindikira kuti zaka zapita, ana aja akula ndipo ali pabanja. Naruto wakwatira Hinata, Sakura wakwatiwa ndi Sasuke. Okonda nkhaniyi m'maiko ambiri anagawanika, ena kukondwa, ena kukwiya. Kanema wofotokoza m'mene chikondi cha Naruto ndi Hinata chinaphukira anatuluka payekha mu Disembala 2014, nkhani ya m'magazini itatha kale.

Mdzukulu wanga wamwamuna akuti zachikondi zimangochedwetsa nkhondo. Koma nditamupanikiza, anavomera kuti gawo limene analibwereza kambirimbiri ndi lija Hinata, mtsikana wamanyazi, anaima yekha pamaso pa mdani woopsa wotchedwa Pain kuti ateteze Naruto, n'kuulula kuti amamukonda. Chimamuwawa mnyamatayu n'chakuti Naruto anatha nthawi yaitali osayankha kanthu pa mawu amenewo.

Mtsikanayo naye mtima uli pawiri. Sakura amamukonda chifukwa anayamba ali wofooka, anadzipereka kuphunzira kwa mayi Tsunade, mpaka anakhala sing'anga wodalirika ndiponso wamphamvu zoswa nthaka ndi chibakera. "Koma agogo, amandikwiyitsa," anatero. "Sasuke anathawa m'mudzi, nthawi ina anafuna kumupha, n'kudzangopepesa ndi mawu ochepa. Basi iye n'kulola?" Mnyamata uja anayankha kuti Sasuke ndi katswiri ndipo anasintha. Ine ndinangoti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Zoterezi sizili mu Naruto mokha. Mu Dragon Ball, nkhani ya malemu Akira Toriyama imene inatuluka kuyambira 1984 mpaka 1995, Goku analonjeza ukwati kwa Chi-Chi ali mwana poganiza kuti ukwati ndi chakudya. Nayo nkhani ya Bleach, ya Tite Kubo, itatha mu 2016 Ichigo atakwatira Orihime, amene ankafuna kuti akwatire Rukia anadandaula kwambiri.

Chimachititsa n'chiyani? Mawu akuti shonen amatanthauza mnyamata, ndipo magazini ija kwenikweni amalembera anyamata. Eni ake amafunsa owerenga kuti asankhe nkhani zimene zawasangalatsa, ndipo nkhani yosasankhidwa imatha kuimitsidwa. Choncho wolemba amathera masamba ambiri pa nkhonya. Mwana amaona ngwazi ikutuluka thukuta miyezi ndi miyezi kuti idziwe kamenyedwe kamodzi, koma banja limangogwa ngati mango akupsa. Palibe kufunsira, palibe ankhoswe, palibe kukhala pansi kukambirana pamene zavuta. Mpata umene wolemba wasiyawo ana amaudzaza okha, ndipo mkangano umayambira pamenepo.

Ndinadzazindikira mochedwa kuti kwa mtsikana wanga nkhaniyi inali yoposa makatuni. Mu 2015 Kishimoto analemba nkhani yaifupi yokhudza Sarada, mwana wa Sasuke ndi Sakura. Mwanayu anakula bambo ake ali kutali pa ntchito yoteteza mudzi, akungowaonera pa chithunzi. Tsiku limene anawalondola n'kuwapeza, bambowo sanamuzindikire, mpaka anamulozetsa lupanga. Titafika pamenepo mdzukulu wanga anazimitsa foni n'kukalowa m'nyumba, nsima ya kondowole osaikhudza. Bambo ake, amene ndi mwana wanga, anapita ku Joni iye ali wamng'ono, ndipo sanabwereko.

Ife a kunyanja nkhani imeneyi timaidziwa bwino. Amuna a m'boma la Nkhata Bay anayamba kale kupita kummwera kukafuna ntchito. Clements Kadalie wa ku Chifira, kufupi ndi Bandawe, anakayambitsa bungwe la anthu apantchito ku Cape Town mu 1919, ndipo anamwalirira ku East London mu 1951. Ena anapita ku migodi kudzera ku Wenela ndi Teba, ena n'kusanduka matchona. Lero basi zikunyamulabe ana athu. Ambiri amatumiza ndalama, malata akwera padenga, koma mwana amene akukula sangacheze ndi malata.

Tsono chigamulo changa chinali chotere. Kwa mnyamata ndinati munthu akhoza kusintha, koma kusinthako kumaoneka ndi zochita za tsiku ndi tsiku, ndipo mwamuna amene wagonjetsa adani onse koma mwana wake sakumudziwa ali ndi ngongole pakhomo. Kwa mtsikana ndinati kupirira n'kwabwino, koma munthu amene wakukwezerapo dzanja usamamuthamangire chifukwa cha nkhope kapena kutchuka kwake, ndipo nkhani yotero uzifika nayo kwa akulu. Ndinawauzanso kuti kukonda munthu wa m'nkhani uku ukudana ndi zina zimene amachita si kupusa. Ndiko kuyamba kusiyanitsa chabwino ndi choipa.

Makolo anzanga, sindikunena kuti makatuni onse ngabwino. Ena ali ndi magazi ambiri, ena mavalidwe osayenera, ndipo amatha kudya nthawi ya sukulu ndi ya ntchito zapakhomo. Muziona zimene zili m'foni ndipo muziika malire. Koma mukamva ana akukangana zakuti uje akanakwatira uje, musafulumire kulanda foniyo. Khalani pansi mufunse kuti, "Iwe ukuona kuti mwamuna wabwino ndi wotani? Nanga mkazi wabwino?" Mwana amene sangayerekeze kukamba nanu za chibwenzi kapena za bambo ake, amamasuka akamakamba za Sakura.

Usiku womwewo ndinagula mayunitsi n'kuimbira mwana wanga ku Johannesburg. Ndinamuuza kuti ndalama tikulandira ndipo tikuthokoza, koma Lamlungu lililonse aziimba n'kulankhula ndi mwana wake, osati ine. Papita Malamulungu anayi tsopano, sanaphonyepo. Inu amene muli ndi ana kunja, auzeni zomwezo.